Bwana wandalama wozemba tikiti ya sitima: nkhani ya ku Stonegate ndi zomwe inaulula

Kuli kasiteshoni kena ku East Sussex, kummwera kwa England, dzina lake Stonegate. Ndi kumudzi ndithu, minda mbali zonse, nyumba za anthu opeza bwino zitabisala m'mitengo, ndipo sitima zochokera ku Hastings zimaima pamenepo m'mawa kunyamula anthu opita kuntchito ku London. Pasiteshoni imeneyi panalibe mageti aja otseguka ukaonetsa tikiti, munthu umangofika n'kukwera basi. Apa ndi pomwe ankakwerera bambo wina dzina lake Jonathan Burrows, mmodzi wa mabwana a kampani ya BlackRock, kampani yoyendetsa ndalama za anthu yomwe ndi yaikulu kuposa zinzake zonse padziko lapansi. Nyuzipepala zinkati malipiro ake ankafika cha m'ma 1 miliyoni paundi pachaka. Mpondamatiki weniweni. Koma mu Novembala 2013 woona matikiti wina anamuimitsa pa siteshoni ya Cannon Street mkati mwa London, ndipo zinapezeka kuti bamboyu sanali ndi tikiti ya ulendo womwe anayenda.

Kuti nkhaniyi imveke tiyambe ndi khadi ya Oyster, chifukwa chinyengo chonse chinagona pamenepo. Oyster ndi kakhadi kabuluu komwe anthu a ku London akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2003, umaikamo ndalama ngati mayunitsi a foni, ukamalowa pasiteshoni umagunditsa khadiyo pa geti, potuluka umagunditsanso, ndiye makina amawerengera pomwe wachokera ndi pomwe watsikira n'kudula ndalama yake. Nanga munthu akagunditsa potuluka pokha? Makina sadziwa komwe wachokera, ndiye amangomudula ndalama yapamwamba yomwe anaika ngati chilango kwa oiwala. Nthawi imeneyo ndalamayi inali £7.20. Kwa munthu woyenda mkati mwa London momwemo £7.20 inali yowawa, yoti mawa sungaiwalenso. Koma Stonegate ili kutali, kunja kwa dera lomwe Oyster imagwira ntchito, ndipo tikiti ya ulendo umodzi kuchokera kumeneko inali £21.50. Mwaona pamene pali bowo? Chomwe anachiika kuti chikhale chilango, kwa iye chinasanduka mtengo wotchipa. Kukwera ku Stonegate opanda tikiti, kufika ku London, kugunditsa Oyster, geti n'kutseguka bwinobwino ngati kwa wina aliyense, £14.30 n'kutsala m'thumba.

Kampani ya sitimayo, Southeastern, itafufuza inati zimenezi zakhala zikuchitika kwa zaka pafupifupi 5, kuchokera mu 2008 pomwe bamboyu anasiya kugula tikiti ya chaka chonse. Anamuwerengera £42,550, kuphatikizapo £450 ya maloya, zonse pamodzi £43,000. Mukagawa ndalama yoyambayo ndi £21.50 mupeza maulendo pafupifupi 2,000, kutanthauza kuti anamutchaja ngati tsiku lililonse la ntchito popita ndi pobwerera. Iye analipira, mlandu sunapite kukhoti, ndipo dzina lake silinatchulidwe. Tinene mwachilungamo kuti mwini wakeyo pambuyo pake anati zomwe anachita zinali zopusa, komanso anati ndalama yomwe analipira inaposa kwambiri matikiti omwe anazembadi, eti anangozemba maulendo ochepa. Chiwerengero chenicheni sichinayesedwe pamaso pa woweruza, chifukwa cha kugwirizana kwa kunja kwa khoti komweko.

Nkhani itatuluka mu Epulo 2014, opanda dzina, anthu anakwiya kwabasi. Mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito za sitima la TSSA, Manuel Cortes, anadandaula kuti zikuoneka ngati pali lamulo lina la olemera ndi lina la osauka. Atolankhani anayamba kusaka, ndipo pofika Ogasiti dzina linali poyera, ntchito ya ku BlackRock nayonso itatha. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe loyang'anira makampani azachuma ku Britain, Financial Conduct Authority (FCA), linamuletsa kugwiranso ntchito za mtundu umenewu zomwe bungweli limayang'anira. Chifukwa chake sichinali kukula kwa ndalama ayi. Anati munthu wopatsidwa udindo wosunga chuma cha ena ayenera kukhala woona mtima, ndipo iyeyu anavomera yekha kwa iwo kuti ankadziwa kuti akuphwanya lamulo, komanso sanauze mabwana ake za nkhaniyi.

Ena amati mwina anali munthu mmodzi wosokonekera. Ayi ndithu. Chaka chomwecho cha 2014, mu Novembala, pa siteshoni ya Marylebone ku London anagwira loya wina, Peter Barnett, munthu wophunzira mpaka ku Oxford. Iyeyu ankakwerera ku Haddenham and Thame Parkway pa sitima za Chiltern Railways koma n'kumanamizira kuti wakwerera ku Wembley Stadium, siteshoni yapafupi kwambiri ndi mapeto a ulendo, n'kutuluka ndi Oyster yomweyo. Anachita zimenezi kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Uyu yekha anakaonekera kukhoti mu 2015 n'kuvomera milandu yachinyengo, anamugamula masabata 16 akundende koma osakalowa pokhapokha atapalamulanso. Pa ndalama panali kukokanakokana. Kampani inkafuna pafupifupi £20,000 powerengera tikiti ya ulendo uliwonse payokhapayokha, mbali yake inati ayi, munthu woyenda tsiku ndi tsiku sagula choncho, amagula tikiti ya sabata yomwe imatchipa, ndipo khoti linamva zimenezo n'kulamula kuti abweze ndalama yosakwana £6,000. Kenako anamuchotsa pa mndandanda wa maloya. Mkangano umenewu ndi wofunika kuumvetsa, chifukwa manambala akuluakulu omwe timawerenga m'mitu ya nkhani nthawi zambiri ndi a mtengo wodulitsitsa wa tikiti, osati ndalama yomwe kampani ikanalandiradi munthuyo akanakhala wokhulupirika.

Njira zake sizambiri, ndipo zonse zimadalira chinthu chimodzi: mageti ali koyambira kapena kothera, pakati palibe. Ina ndi yogula tikiti yaifupi, kukwerera kutali koma kulipira ngati wakwerera siteshoni yomaliza. Ina Angerezi amaitcha doughnutting, kuchokera ku donasi uja wokhala ndi bowo pakati, munthu amagula katikiti kotchipa kotsegulira geti ya komwe akukwerera ndi kena kotsegulira geti ya komwe akutsikira, mtunda wonse wapakati n'kuyenda ulere. Ena amagula tikiti ya mtengo wotsitsidwa ponama kuti ali ndi khadi ya achinyamata kapena ya okalamba. Ena amapempha kubwezeredwa ndalama ponamizira kuti sitima inachedwa kapena kuti sanayende. Taonani kuti m'njira zonsezi palibe kudumpha geti, palibe kukankhana ndi mlonda, palibe kuthamanga. Munthu wavala suti yake, chikwama cha laputopu paphewa, khofi m'manja, geti yatseguka, wadutsa.

N'chifukwa chake ine sindinakhutire pomwe wandale Robert Jenrick anapita ndi kamera pa siteshoni ya Stratford ku London mu Meyi 2025 kukakalipira anthu odzipanikiza pa mageti. Zoona, amenewo akulakwa, ndipo ogwira ntchito pasiteshoni amatukwanidwa ndi kumenyedwa ndi anthu otere, si nkhani yochepa. Koma kamera imaona wokankha geti yekha. Wa ku Stonegate uja akanadutsa pambali pa kamerayo popanda womuyang'ana kawiri.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti, munthu wolandira ndalama zonsezo angaberenji £14? Sindikhulupirira kuti yankho lake ndi umbombo wokha. Matikiti a sitima ku Britain ndi odula zedi, tikiti ya chaka kuchokera m'matauni ozungulira London imadya mapaundi masauzande angapo, sitima zake n'kumachedwa, nthawi zina kuima njira yonse chifukwa mipando yatha, ndiye pali anthu ambiri, olemera omwe, omwe mumtima amaona ngati kampani ndi yomwe ikuwabera, iwo akungobwezako pang'ono. Palinso masamu. Nthawi ya Burrows chindapusa cha pompopompo kwa wopezeka alibe tikiti chinali £20 kapena kuwirikiza kawiri mtengo wa tikiti, ndiye munthu amene ntchito yake tsiku lonse ndi kuyeza phindu ndi chiopsezo akhoza kuona kuti ngakhale atagwidwa kamodzi pamwezi apindulabe. Koma chachikulu kwa ine ndi chizolowezi. Tsiku loyamba mwina unachedwadi, mashini a matikiti anali ndi mzere, unakwera n'kutuluka ndi Oyster. Palibe chinachitika. Mawa lake chimodzimodzi. Pakatha mwezi sukuonanso ngati kuba, wangopeza njira yako yoyendera. Ndipo palibe nkhope ya munthu yomwe ukuibera. Kwathu m'minibasi kondakitala amakutambasulira dzanja pamaso, anthu onse akuona, sungayerekeze. Uku wobedwa ndi kampani yomwe sunaionepo, ndiye chikumbumtima chimagona tulo.

Kunena zoona wobedwa alipo. Bungwe la makampani a sitima, Rail Delivery Group, linkanena kwa zaka zingapo kuti kuzemba matikiti kunkatayitsa pafupifupi £240 miliyoni pachaka, ndipo Transport for London, yomwe imayendetsa zamtengatenga mumzinda wa London, payokha inati inataya cha m'ma £130 miliyoni m'chaka cha 2022/23. Kuchokera nthawi ya Covid ndalama za matikiti m'makampani ambiri a ku England zimapita ku boma, boma n'kumalipira makampaniwo kuti ayendetse sitima, kotero dzenje likakumbika amakwirira ndi okhoma msonkho komanso okwera okhulupirika, kuphatikizapo mayi wosamalira okalamba yemwe amadzuka 5 koloko m'mawa n'kugula tikiti yake yonse pa malipiro ochepa.

Tsopano tibwere pomwe pamandiwawa ine. Malamulo a sitima ku England ndi okhwima modabwitsa. Pali lamulo la 1889, Regulation of Railways Act, lomwe limati woyenda ndi cholinga chozemba kulipira atha kulipitsidwa mpaka £1,000 kapena kukhala m'ndende miyezi itatu. Palinso timalamulo ta njanji tomwe sitifunsa n'komwe cholinga chako, kungopezeka m'sitima ulibe tikiti yoyenera pomwe unali ndi mwayi wogula, walakwa basi, kaya unasokonezeka kaya unaiwala. Pa zinyengo zikuluzikulu amagwiritsa Fraud Act ya 2006. Ndipo chomwe ambiri sadziwa n'chakuti makampani a sitima amatha kuzenga okha milanduyi, osadzera kwa oimira boma pa milandu. Kampani yomweyo ndiye wodandaula, ndiye wofufuza, ndiyenso wosankha kuti uyu timutengere kukhoti, uyu tigwirizane naye mwakachetechete. Mphamvu zonsezo m'dzanja limodzi.

Kugwirizana kunja kwa khoti pakokha si koipa, anthu wamba ambiri amapulumukira komweko, amalipira tikiti ndi ndalama ya ofesi nkhani n'kutha. Kampaninso ili ndi mfundo yake, imati kukhoti mwina tikapeza zochepa, monga zinachitikira a Chiltern aja, pomwe apa munthu wabweza zonse nthawi imodzi. Koma khomo limeneli limatsegukira amene ali ndi ndalama m'manja lero, amene ali ndi loya wodziwa kulemba kalata yabwino, amene amamva Chingerezi cha m'makalata a milandu. Wopanda zimenezi kalata imamupeza, mwina inapita ku adiresi yakale, sanayankhe, ndipo mlandu umagamulidwa iye kulibe.

Zimenezi zinachitikadi, kwa anthu masauzande. Mu 2015 kunabwera njira yachidule yozengera timilandu ting'onoting'ono yotchedwa Single Justice Procedure, pomwe majisitireti mmodzi amangowerenga mapepala m'chipinda, popanda bwalo, popanda woimbidwa mlandu. Makampani a sitima analoledwa kuigwiritsa ntchito kuyambira 2016, koma ena, monga Northern ndi Greater Anglia, anaigwiritsa ntchito pa milandu ya lamulo la 1889 lija yomwe sinkaloledwa kudzera njira imeneyi. Mu Ogasiti 2024 mkulu wa mamajisitireti, Paul Goldspring, anagamula kuti milandu yotereyi inali yosavomerezeka, ndipo panthawiyo zinkanenedwa kuti yoposa 74,000 iyenera kufafanizidwa. Tangoganizani, anthu masauzandemasauzande olipitsidwa chindapusa, ena kutumiziridwa olanda katundu pakhomo, kudzera njira yomwe lamulo silinalole. Chaka chomwecho kunamveka nkhani ya mnyamata wina yemwe Northern inamuopseza ndi khoti chifukwa cha £1.90. Anagula tikiti pa apu ndi khadi yake ya achinyamata ya 16-25 Railcard, osadziwa kuti isanakwane 10 koloko m'mawa masiku a ntchito khadiyo siitsitsa mtengo wa tikiti yotchipa kuposa £12, lamulo lomwe siligwiranso ntchito mu Julayi ndi Ogasiti, ndiye munthu asokonezeke bwanji osasokonezeka. Anapempha kuti alipire yotsalayo pomwepo, anamukanira. Kampani inabwerera m'mbuyo nkhani itawanda pa intaneti. Ikani pambali pake £42,550 yomwe inatha popanda woweruza, muone ngati mtima ungakhale m'malo.

Kudandaula kutachuluka, nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo Louise Haigh inapempha bungwe loyang'anira njanji la Office of Rail and Road kuti liunike momwe makampani amachitira ndi okwera, ndipo lipoti lake mu Juni 2025 linapeza zomwe okwera ankanena kale, kuti matikiti ndi osokoneza, kuti makampani sachita mofanana, ndiponso kuti anthu olakwitsa mosadziwa nthawi zina amalangidwa mopyola muyezo. Mbali inayi chindapusa cha pompopompo chinakwera mu Januwale 2023 kufika £100 kuphatikiza mtengo wa tikiti, ukalipira pasanathe masiku 21 chimatsika kufika £50. Kwa bwana wa ku banki £100 ndi chakudya chamasana ndi anzake. Kwa woyeretsa m'maofesi a banki yomweyo ndi pafupifupi tsiku lathunthu la ntchito.

Abale athu omwe ali ku Britain pa viza, apa mpofunika kutchera khutu. Chindapusa cha pompopompo si mlandu wa kukhoti, ukalipira zatha. Koma nkhani ikafika kukhoti n'kukupeza wolakwa, imeneyo umayenera kuitchula pofunsira viza ina, chilolezo chokhazikika kapena unzika, ndipo pa ntchito za unamwino ndi zosamalira anthu amayang'ana mbiri ya milandu. Woona matikiti akakufunsa mayina ndi adiresi, kupereka zabodza ndi mlandu winanso pawokha. Kalata ikabwera osaiika pansi pa matiresi, iyankheni msanga, pemphani kugwirizana kunja kwa khoti, sungani risiti ndi chithunzi cha tikiti. Mwayi womwe Burrows anagwiritsa ntchito ulipo kwa inunso, kungoti inu palibe loya amene adzakuthamangireni.

Kodi masiku ano wina angachitenso za ku Stonegate kwa zaka 5? N'kovutirapo. Matikiti ambiri tsopano amagulidwa pafoni kapena ndi khadi ya kubanki, ndipo chilichonse chimasiya mapazi. Transport for London ili ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imasanthula kayendedwe ka makhadi n'kutola omwe akuoneka okayikitsa, monga khadi yomwe tsiku ndi tsiku imangogunditsidwa mbali imodzi, ndipo makampani a sitima amatha kupempha mbiri ya zogula kwa ogulitsa matikiti a pa intaneti. Wogwidwa lero samufunsa za lero zokha, amamutsegulira zaka zonse zam'mbuyo. Paja amati masiku a wakuba ndi 40, koma apa makina ndi omwe akuwerenga masikuwo. Ngakhale zili choncho masiteshoni ambiri akumidzi alibe mageti mpaka pano, chifukwa geti imafuna munthu woiyang'anira nthawi zonse, ndipo pa siteshoni yokwera anthu ochepa ndalama yake siibwerera. Njanji yonse imayendabe pa chikhulupiriro chakuti anthu ambiri alipira okha popanda wowakakamiza, ndipo ambiri amalipiradi.

Ena amati Burrows analangidwa mopitirira, kutaya ntchito ya moyo wonse chifukwa cha tikiti ya sitima, pomwe mabanki omwe anagwetsa chuma cha dziko mu 2008 mabwana ake ambiri sanakhudzidwe. Mfundo yachiwiriyo ndi yoona ndipo imapweteka. Koma sindiona kuti ikumuyeretsa iyeyu. Munthu amene m'mawa uliwonse ankasankha kunamiza makina chifukwa palibe akumuona, masana ake ankakhala pa mpando woyendetsa ndalama za penshoni za anthu omwe sangathe kumuona zomwe akuchita. A FCA anaona bwino pamenepo. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti chilangocho chinabwera chifukwa nkhaniyo inatuluka poyera, apo ayi ndalama anapereka zija zikanatseka nkhani yonse, Lolemba lotsatira bambo ali pa desiki yawo.

Ndipo pali kanthu kena komwe anthu amaiwala akamakamba za Stonegate. Southeastern yomwe ija, yomwe inalandira £43,000 kwa wokwera wosakhulupirika, mu Okutobala 2021 boma linailanda kwa eni ake a Govia zitapezeka kuti sinaulule ndalama za okhoma msonkho zoposa £25 miliyoni zomwe inkayenera kubweza ku boma, nkhani yoyambira mu 2014, chaka chomwe dzina la Burrows linali m'nyuzipepala zonse. Ndalamazo zinabwezedwa, kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha £23.5 miliyoni, ndipo sitima za ku Hastings zomwe zimaima pa Stonegate pano zikuyendetsedwa ndi boma.